Abambo, masewera olimbitsa thupi ndi khansa ya m'mero: poyambira ndi pati?

Khansa ya m'mero, imene ambiri timangoti khansa ya pakhosi, imagwira njira imene chakudya chimadutsa kuchoka kukamwa kukafika m'chifu. Mwa anthu 10 aliwonse opezeka nayo padziko lonse, pafupifupi 7 ndi amuna. Mu 2020 bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) imene ili ku Lyon m'dziko la France, linawerengera odwala atsopano oposa 600,000 ndi omwalira oposa 540,000. Manambala awiriwa ayandikana chonchi chifukwa ambiri amafika kuchipatala nthendayo itazika kale mizu. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi yachuluka kwambiri, pamodzi ndi Ethiopia, Kenya, Tanzania mpaka chigawo cha Eastern Cape ku South Africa.

Kodi kulimbitsa thupi kumathandizadi? Umboni ulipo. Mu 2023 ofufuza a ku Sweden anatulutsa zimene anapeza pa amuna oposa 1 miliyoni amene anayezedwa thupi pokalowa usilikali pakati pa 1968 ndi 2005. Anyamatawo ankawapalasitsa njinga yosayenda kuti aone mphamvu ya mtima ndi mapapo awo. Atawatsatira kwa zaka pafupifupi 33, anapeza kuti amene sankatopa msanga ali anyamata, chiopsezo chawo cha khansa ya m'mero chinali chotsika ndi 39 peresenti poyerekeza ndi amene ankatha mpweya msanga. Kafukufuku wina wa mu 2016, wa anthu 1.44 miliyoni a ku America ndi ku Ulaya, anapeza kuti amene amachita masewera kwambiri pa nthawi yawo yopuma anali ndi chiopsezo chotsika ndi 42 peresenti cha mtundu umodzi wa khansayi.

Mawu akuti "mtundu umodzi" musawadumphe. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

1. Dziwani kaye mtundu umene ukukuopsezani inuyo

Khansa ya m'mero ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo zoyambitsa zake n'zosiyana.

Woyamba ndi adenocarcinoma. Uwu umayambira kumunsi kwa m'mero, pafupi ndi chifu, ndipo umayenda ndi kunenepa kwa pamimba komanso chilungulira cha zaka zambiri. Ndiwo wafala ku Britain, America ndi Australia, ndipo umakonda amuna kwambiri kuposa akazi. Apa ndi pamene umboni wa masewera uli wolimba.

Wachiwiri ndi squamous cell carcinoma. Umagwira pakati kapena kumtunda kwa m'mero, ndipo kuno kwathu odwala ambiri, oposa 9 mwa 10 aliwonse, ali ndi umenewu. Oyambitsa ake odziwika ndi fodya, mowa, zakumwa ndi zakudya zotentha kwambiri, utsi wa nkhuni, mano osasamalidwa ndiponso kusowa zipatso ndi masamba m'zakudya. Pa mtundu uwu umboni woti masewera paokha amateteza ndi wofooka.

Tsono bambo amene amalima kuyambira m'mamawa, wa kabaza amene amakwera zitunda tsiku lonse, woumba njerwa kapena wonyamula matumba pamsika, safunika kumuuza zothamanga. Thupi lake likugwira kale ntchito yokwanira, ndipo ngati ndinu ameneyu mutha kulumphira pa nambala 6. Amene masewera akumufuna ndi bambo wa mu ofesi, dalaivala wa minibasi kapena wa thiraki, wokhala m'golosale kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndi abale athu a ku Johannesburg kapena ku Britain amene moyo wawo ndi wa pampando ndi m'galimoto. Ambiri a ife a m'tauni tili pakati: mimba yatuluka, chilungulira chilipo, ndipo Lachisanu sitiphonya. Munthu wotere ali pa chiopsezo cha mitundu yonse iwiri.

2. Yezani mimba ndi chingwe, osati ndi thalauza

Sikelo ya kuchipatala imakuuzani kulemera kwa thupi lonse, koma pa nkhani iyi chofunika ndi mafuta a pamimba. Saizi ya thalauza imanamiza, chifukwa abambo ambiri timamanga lamba pansi pa mimba, mimbayo n'kumalendewera pamwamba. Munthu amatha kuvala saizi 34 kwa zaka 10 mimba ikukulirakulirabe.

Tengani chingwe chosatamuka, chakhonje kapena china chilichonse. Pondani nsonga imodzi ndi chidendene, imani chilili, kokerani chingwecho mpaka pamwamba pa mutu n'kudula. Chipindeni pakati. Tsopano chizungulizeni pamimba, pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, chapamchombo. Musabweze mimba m'kati, tulutsani mpweya pang'ono monga mwa nthawi zonse. Ngati nsonga ziwirizo zakumana, muli bwino. Ngati patsala mpata, ndiye kuti mimba yanu yaposa theka la msinkhu wanu, ndipo mpata umenewo ndiyo ntchito imene mwapatsidwa. Amene ali ndi tepi ya telala adziwe kuti kwa mwamuna chiopsezo cha matenda chimayamba kukwera pa masentimita 94, ndipo pa 102 chakwera ndithu.

Chifukwa chake n'chakuti kumunsi kwa m'mero kuli mnofu wozungulira umene umatseka njira chakudya chikadutsa. Mafuta a pamimba amafinya chifu ngati munthu wakhalira chigubu chodzaza madzi, ndipo asidi wa m'chifu amakankha mnofu uja n'kubwerera m'mero. Kutentha kwa pachifuwa ndi madzi owawasa obwera kukamwa kumene timati chilungulira n'kumeneko. Chifu chinapangidwa kuti chizipirira asidi, m'mero ayi. Ukapsa zaka ndi zaka, khungu lake la m'kati limasintha, ndipo madokotala amatcha kusinthako Barrett's oesophagus. Si onse otero amene amadwala khansa, ndi ochepa ndithu, koma adenocarcinoma imadzera njira imeneyi. Kuwonjezera apo, mafuta a pamimba amakweza insulin (timadzi toyendetsa shuga m'thupi) m'magazi ndi kuyambitsa kutupa kosaoneka m'thupi, zinthu zimene zimathandiza maselo oipa kukula. Masewera amatsitsa zonsezi.

Chingwecho chisungeni. Muziyesa kamodzi pamwezi. Anzanu akamakuyamikirani kuti "bwana mwanenepa, zikuyenda," muziyankha mwaulemu, koma muzikhulupirira chingwe.

3. Ngati muli ndi matenda kale, yambirani kuchipatala

Wa zaka zoposa 40 amene wakhala nthawi yaitali osachita masewera, wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi aliyense amene amamva kupweteka pachifuwa akakwera chitunda, ayambe wayezetsa BP ndi shuga, ndipo awafotokozere achipatala zimene akufuna kuyamba. Pochita masewera mukamva chifuwa kuthina, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, imani pomwepo. Zimenezo si zopirira.

4. Yambani ndi kuyenda ndawala

WHO mu 2020 inati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150. Mphindi 150 ndi mphindi 30 zokha patsiku kwa masiku 5. Simukufunika jimu, simukufunika nsapato zodula.

Apakatikati ndi ati? Ndi pamene mukupuma mozama, thukuta layamba, mukutha kulankhula ndi mnzanu koma nyimbo simungaimbe. Mukamatha kutulutsa mawu awiri atatu okha kenako n'kupuma, amenewo ndi amphamvu, ndipo mphindi imodzi ya amphamvu imawerengedwa ngati ziwiri. Kuyenda kwa kumsika koima apa ndi apo kupereka moni sikufika pamenepa. Ndawala yeniyeni ndi masitepe pafupifupi 100 pa mphindi, ndipo m'mphindi 30 mumayenda makilomita awiri ndi theka kapena atatu.

Mlungu woyamba ndi wachiwiri yendani mphindi 10 mpaka 15 patsiku, masiku 5. Zioneka zochepa, ndipo apa ndi pamene abambo ambiri amalakwitsa: amakumbukira kuti kusekondale ankasewera nambala 7, tsiku loyamba n'kuthamanga makilomita 5, m'mawa mwake maondo ndi akakolo zatupa, nkhani yathera pomwepo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mitsempha ndi mfundo za mafupa, choncho zipatseni nthawi. Kuyambira mlungu wachitatu muziwonjezera mphindi 5 mlungu uliwonse mpaka mufike 30. Mukakhazikika pamenepo kwa mwezi, lowetsani chitunda m'njira yanu, kapena muzisinthanitsa: kuthamanga pang'ono mphindi imodzi, kuyenda ziwiri. A ku Blantyre ndi Zomba zitunda sasowa. A ku Lilongwe angafunike kuwonjezera liwiro m'malo mwake.

Amene akufuna kuti mimba ibwerere ayenera kulunjika ku mphindi 300, ndipo mbale nayo ichepe. Masewera okha, mitanda ya nsima ikadali itatu, chipisi cha pachiwaya masana ndi zakumwa zashuga, chingwe chija sichidzakumana.

Nthawi ndiyo imavuta, choncho ilowetseni m'zimene mumachita kale. Tsikani minibasi masiteji awiri musanafike kuntchito. Ulendo wa kilomita imodzi musakwere kabaza kapena njinga yamoto. Ngati muli ndi njinga yakapalasa, kupita nayo kuntchito ndi masewera okwanira. Mphindi 10 katatu patsiku zimawerengedwa chimodzimodzi ndi 30 za nthawi imodzi. Dalaivala wodikira minibasi kudzaza atha kutsika n'kuzungulira depoti m'malo mogona pachiwongolero. Wa mu ofesi aziimirira ola lililonse, chifukwa kukhala pansi maola ambiri kuli ndi vuto lakelake ngakhale kwa munthu wothamanga m'mawa.

Oyenda m'bandakucha m'mbali mwa msewu aziyenda kudzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto, atavala chowala. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, chitani dzuwa lisanakwere ndipo imwani madzi.

Mpira wa amadala wa Loweruka ndi wabwino, ndipo umawerengedwa. Vuto lake ndi zimene zimatsatira: kanyenya ndi kreti mpaka usiku. M'mero umakhala utapindula pabwalo n'kukaluza pa bala.

5. Sankhani nthawi yosadzutsa chilungulira, ndipo limbitsani akatumba

Pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Masewera ena amabwezera asidi m'mero, makamaka kuthamanga, kudumpha, kunyamula zolemera ndi kuwerama mimba ili yodzaza. Munthu wofuna kuteteza m'mero asauwotchenso ndi masewera omwewo. Mukadya nsima dikirani maola awiri kapena atatu musanachite zamphamvu. Kuyenda pang'onopang'ono mukatha kudya kulibe vuto. Nthawi yabwino kwa wa chilungulira ndi m'mawa asanadye, kapena madzulo chakudya chisanafike patebulo. Lamba wothina pamimba muvule.

Usiku musagone mutangodya kumene. Pakati pa mbale ndi bedi papite maola atatu, ndipo ngati asidi amakudzutsani, ikani njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu kuti kukwere masentimita 15 kapena 20. Kuunjika mapilo sikuthandiza kwenikweni chifukwa kumakupindani pamimba. Kugonera kumanzere kumathandizanso. Chilungulira chobwera kawiri kapena kuposa pa mlungu kwa miyezi yambiri si chongogulira mapiritsi pa golosale mpaka kalekale, kachionetseni kuchipatala.

Masiku awiri pa mlungu, osatsatizana, limbitsani akatumba. Nyonyomalani n'kudzuka ka 10 mpaka 12, msana uli wowongoka. Wosazolowera ayambe ndi kukhala pampando n'kudzuka osagwira. Chitani ma push-up, oyamba mutatsamira khoma kapena tebulo ngati apansi akukanika. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5, ndipo ziwiri zikukwanirani kunyamula kuchokera m'mbali mpaka m'mapewa, kapena kuyenda nazo mozungulira bwalo. Chilichonse chitani maulendo awiri kapena atatu, mukupuma pakati. Ponyamula tulutsani mpweya, musaugwire, chifukwa kuugwira kumakweza BP ndi kufinya chifu.

Ma sit-up ndi amene abambo amathamangira akafuna kuchotsa mimba. Sachotsa mafuta a pamimba, ndipo kwa wa chilungulira amachiputa. Mimba imabwerera thupi lonse likamatentha mafuta.

6. Fodya, mowa ndi tiyi wamoto

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife a kuno. Bambo wothamanga makilomita 10 tsiku lililonse koma akusuta ndi kumwa kachasu sanazembe khansa imene ikupha amuna ambiri m'Malawi.

Fodya yense ndi woopsa ku m'mero, wa m'paketi ndi chingambwe chomwe. Mowa ukalowa m'thupi umasanduka acetaldehyde, mankhwala amene amawononga maselo, ndipo kusandukako kumayambira m'kamwa momwe. Mowa wamphamvu ngati kachasu ndiwo woipitsitsa, koma chachikulu ndi kuchuluka kwa umene mukumwa, kaya ndi wa m'botolo kaya masese. Fodya ndi mowa zikaphatikizana chiopsezo chimachulukana kwambiri kuposa cha chimodzi pachokha. Kafukufuku wa ESCCAPE, amene IARC inachita pamodzi ndi madokotala a ku Eldoret ku Kenya, Moshi ku Tanzania ndi Blantyre, anasonyeza kuti mowa uli ndi gawo lalikulu pa khansayi mwa amuna a m'chigawo chino cha Africa.

Masewera amathandiza apa mwa njira ina. Chibaba cha fodya chimabwera mwamphamvu koma chimatha pakapita mphindi zochepa, ndipo kuyenda ndawala mphindi 5 kapena 10 kumachiziziritsa. Ndiye sankhani tsiku losiya, chotsani fodya ndi machesi m'thumba, ndipo chibaba chikabwera tulukani panja muyende. Za mowanso, ikani masewera anu pa ola limene mumapita ku bala. Munthu amene wapangana ndi anzake kuthamanga 5 koloko Loweruka m'mawa amabwerako msanga Lachisanu. Koma amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene manja amanjenjemera m'mawa asanalaweko, asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa atha kukomoka ndi kugwa ngati wakhunyu. Ameneyo asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Tiyi ndiye ambiri amadabwa naye. Mu 2016 IARC inaika zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa ya m'mero, ndipo ofufuza a ku Malawi ndi Tanzania anapeza kuti omwa tiyi ndi phala zili zamoto, mofulumira, mpaka kumapsa m'kamwa, ali pa chiopsezo chokwera. Vuto si tiyi, ndi kutentha kwake. Taonani mmene timamwera pa tiirumu m'mawa wa Juni: tiyi wamkaka wangochoka pamoto, kapu yodzaza mpaka m'milomo, munthu akufulumira kuntchito, akumwa mopsontha uku akuuzira, lilime lachita dzanzi. Kupsa pang'ono kotero tsiku lililonse kwa zaka 30 kumavulaza khungu la m'mero. Dikirani mphindi 5 kapena kuposa, takasani, kapena muthire m'kapu ina mobwerezabwereza. Ngati simungathe kumwa mkamwa modzaza osapsa, sanazizire. Phala nalo chimodzimodzi, ndipo limasunga moto pakati pomwe pamwamba pakuoneka pozizira.

Zotsalazo n'zachidule. Tsukani mano tsiku lililonse, ndipo dzino lobooka kalionetseni. Idyani zipatso za nyengo yake, mango, magwafa, mapapaya, masuku, malalanje, ndipo bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mpiru zisasowe pambali pa nsima. Chimanga chochita chuku musachigayitse. Khitchini ya nkhuni ikhale ndi potulukira utsi, ndipo izi zikuteteza kwambiri mayi a kunyumba ndi ana amene amakhalamo nthawi yaitali.

7. Musasokoneze kuonda kwa masewera ndi kuonda kwa matenda

Munthu amene wayamba masewera amayembekezera kuonda, ndipo apa pali msampha. Kuonda kwabwino kumabwera pang'onopang'ono, pafupifupi theka la kilogalamu pa mlungu, munthu akudya bwino ndipo mphamvu zikuwonjezeka. Kuonda kofulumira, mphamvu zikutha, chakudya chikuvuta kumeza, n'kwina.

Khansa ya m'mero imayamba mwakachetechete. Choyamba nyama kapena nsima yolimba imaima pachifuwa, munthu n'kumaitsitsa ndi madzi. Kenako amapempha kuti nsima izikhala yofewa, amayamba kudula timbamu ting'onoting'ono, kuchedwa kumaliza kudya, kusiya nyama. Pakapita miyezi amangodya phala, pamapeto pake madzi ndi malovu omwe amabwerera. Ambiri amafika kuchipatala pa nthawi ya phala, atataya miyezi poganiza kuti ndi zilonda za m'mimba, fupa la nsomba kapena kuti wina anawadyetsa. Zizindikiro zina ndi kupweteka pomeza, mawu kusasa osabwerera, kutsokomola kapena kutsamwa pomwa madzi, kusanza magazi ndi chimbudzi chakuda bii.

Nthawi yopita ndi pa chizindikiro choyamba chija, nsima ikangoyamba kuima. Musayembekezere kuti masewera kapena mankhwala azitsamba aikonza. Mukafika kuchipatala musangoti "m'mimba mukundipweteka," chifukwa mudzabwerako ndi mapiritsi a chilungulira. Nenani momveka kuti chakudya chikuima pomeza, lozani pamene chikuimapo, nenani mwezi umene zinayamba ndiponso ngati mwaonda. Funsani ngati angakutumizeni kukaunikidwa m'mero ndi kachubu kokhala ndi kamera, kumene amati endoscopy. Kumachitika m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo adokotala akaona chokayikitsa amatapa kachidutswa kukayeza. Khansa yopezeka msanga imatheka kuichita opaleshoni kapena kuipatsa mankhwala, ndipo ngakhale kwa wochedwa pali kachubu kotchedwa stent kamene amaika m'mero kuti athe kumezanso. Tsiku loyezedwa musadye kwa maola osachepera 6, tengani buku lanu la kuchipatala ndi kalata yokutumizani, ndipo pakhale wokuperekezani, chifukwa mukapatsidwa mankhwala ogonetsa simuyenera kuyendetsa galimoto kapena njinga tsiku limenelo.